Malikisi a gawo lowerenga pa SAT akakana kukwera: njira iti ikuyenera nthawi ndi ndalama zanu?

Mwana wa mlongo wanga anafika kwathu Loweruka lina masana, laputopu yobwereka ili m'khwapa, nkhope itagwa. Anali atalemba katatu mayeso oyeserera a SAT, aja olowera m'makoleji a ku America. Masamu ankakwera ulendo uliwonse, koma gawo la kuwerenga ndi kulemba linangoti nji pamalo amodzi. "Amalume, Chingerezi pa MSCE ndinakhoza bwinobwino. Nanga izi zikundikaniranji?" Mayi ake anali atayamba kale kufunsira mitengo ya aphunzitsi apadera. Mnzake wina anali atamutumizira pa WhatsApp mndandanda wautali wa mawu ovuta kuti aloweze. Iye mwini ankaganiza zongolemba mayeso oyeserera tsiku ndi tsiku mpaka zitheke.

Njira zonsezi zili ndi anthu amene amalumbira kuti zinawathandiza, ndipo sanama. Kungoti iliyonse imachiza nthenda yakeyake. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi ndaona ana akhama akutha miyezi akumeza mankhwala a malungo pamene chowavuta ndi dzino. Choncho ndiziika njirazi pambalimbali, ndinene imene imathandiza ndani, imadya nthawi yochuluka bwanji, ndi imene ine sindingaiwonongere ndalama.

Mayeso ake ndi otani?

SAT ndi mayeso amene bungwe la College Board limalembetsa kwa ofuna malo m'makoleji ndi m'mayunivesite a ku America. Ngati cholinga chanu ndi mayunivesite a boma a kuno kwathu, mayesowa sakukukhudzani, chifukwa kumeneko amayang'ana zotsatira za MSCE. Kuyambira mu Malichi 2023, olembera kunja kwa America amalemba SAT pa kompyuta kudzera pa pulogalamu yotchedwa Bluebook, ndipo ku America komweko anasiya mapepala mu 2024. Malikisi onse amayambira 400 kulekeza 1600. Theka ndi masamu, theka lina ndi gawo la Reading and Writing, lomwe limayambira 200 kulekeza 800.

Gawo limeneli lili ndi mafunso 54 oyankha m'mphindi 64, ndipo analidula pawiri: mafunso 27 m'mphindi 32, kenako enanso 27 m'mphindi 32. Mukagawa, funso lililonse likupeza masekondi 71 okha. Funso lililonse limabwera ndi kandime kakekake, ka mawu pakati pa 25 ndi 150, ndi mayankho anayi oti musankhepo limodzi. Mukalakwa sakudulani malikisi, ndiye kusiya funso losayankha ndi kutaya chabe. Chinthu china chimene ambiri sachidziwa n'chakuti chigawo chachiwiri chimatengera mmene mwachitira choyamba. Mukakhoza bwino choyamba, chachiwiri chimabwera cholimba, ndipo ndi njira yolimbayo imene imafikitsa munthu pa malikisi apamwamba. Mukagwa choyamba, chachiwiri chimafewa, koma denga la malikisi anu limatsika nalo.

Apa ndichenjezeretu za mabuku. Buku la SAT limene msuweni wanu anasiya, kapena limene mwalipeza kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, liyang'aneni chaka chake. Gawo lowerenga la mayeso a papepala amene analipo kuyambira 2016 linali ndi ndime zisanu zazitali ndi mafunso 52 m'mphindi 65. Malangizo ambiri a m'mabuku amenewo, monga a kawerengedwe ka ndime yaitali mothamanga, ndi a mayeso amene kulibenso.

Nanga bwanji munthu wokhoza Chingerezi cha Fomu 4 amapunthwa pano? Pa mayeso amene tinazolowera, ukapeza mzere umene uli ndi yankho n'kuulemba m'mawu ako, wochonga amakupatsa kenakake ngakhale utaphonya pang'ono. Pa SAT yankho lolondola ndi limodzi basi, ndipo atatu enawo anawakonza dala kuti aoneke okoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wa mlongo wangayu sankalephera kumva Chingerezi. Ankagwa m'misampha, ndipo ankagwa mumsampha womwewo mobwerezabwereza osadziwa.

Kope la zolakwa, musanasankhe njira iliyonse

Tisanakambe za mphunzitsi kapena mndandanda wa mawu, ndinamuuza kuti atsegule mayeso ake omaliza, ndipo tinatenga kope wamba la kusukulu. Pa funso lililonse limene analakwa, kapena limene anakhoza mongolotera, analemba zinthu zitatu: mtundu wa funsolo, yankho limene anasankha ndi chimene chinamukopa, komanso mawu enieni a m'ndimemo amene akusonyeza yankho lolondola. Zinatitengera nthawi yoposa imene mayesowo anatenga.

Mitundu ya mafunso College Board inaigawa panayi, ndipo lipoti la malikisi limakuonetsani mmene mwachitira pa uliwonse. Craft and Structure ndi za tanthauzo la mawu m'chiganizo, cholinga cha ndime, ndi kufanizira ndime ziwiri. Information and Ideas ndi za mfundo yaikulu, umboni, magirafu ndi matebulo, komanso kumaliza ganizo limene wolemba waliyamba. Standard English Conventions ndi galamala ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Expression of Ideas ndi za mawu olumikiza maganizo ndi kusankha chiganizo chokwaniritsa cholinga chimene mwapatsidwa. Mitundu iwiri yomalizayi ikaphatikizana imatenga pafupifupi theka la mafunso onse. Anthu amangoti "gawo lowerenga", koma pafupifupi theka lake ndi malamulo a kalembedwe.

Mukamaliza kopelo mudzaona kuti zolakwa zanu zaunjikana penapake. Mwina simunamve zimene ndime ikunena. Mwina munamva koma yankho labodza linakukopani. Mwina simudziwa lamulo la galamala. Mwinanso nthawi inakutherani. Njira zili m'munsimu muziwerenge mutadziwa kale mulu umene uli waukulu kwa inu.

Kulemba mayeso oyeserera ambirimbiri

Iyi ndi njira imene ife tinakulira, ya mapepala a zaka zam'mbuyo, ndipo pa MSCE imagwiradi ntchito. Pa SAT ili ndi malo ake. Mayeso oyeserera a mu Bluebook ndi aulere, amapangidwa ndi eni mayeso enieniwo, ndipo amasintha chigawo chachiwiri monga zidzachitikire tsiku lenilenilo. Amakuzoloweretsani kuwerenga pa sikirini wotchi ikuyenda pamwamba, kuika chizindikiro pa funso loti mubwerereko, ndi kudula mayankho amene mwawakana.

Koma ndi owerengeka, ndipo mukalemba amodzi kamodzi, kachiwiri simukuyezanso nzeru koma chikumbumtima cha mayankho. Mayi wopita ndi mwana kusikelo amafuna kudziwa ngati akukula, koma mwanayo amanenepa ndi phala la kunyumba. Mayeso oyeserera ndi sikelo. Amodzi pa milungu iwiri kapena itatu akwana, bola mukatha mukhale nawo pansi ndi kope lija. Amene njirayi imamuthandiza msanga ndi amene vuto lake ndi mantha kapena kusazolowera kompyuta. Amene sadziwa ntchito ya semicolon adzalakwa funso la semicolon pa mayeso achisanu monga analakwira pa oyamba.

Kuloweza mndandanda wa mawu ovuta

Njirayi imakoma chifukwa imaoneka ngati ntchito. Lero mawu makumi awiri, mawa makumi awiri, munthu n'kumadziona kuti akupita patsogolo. Mafunso a tanthauzo la mawu alipodi, ndipo ndi amene amayambirira m'chigawo chilichonse. Koma safunsa kuti "mawu awa amatanthauza chiyani" paokha. Amakupatsani chiganizo chokhala ndi mpata, kapena mawu amene ali kale m'ndime, n'kufuna amene akugwirizana ndi ganizo la pamenepo.

Ndipo nthawi zambiri chimene chimagwetsa ana athu si mawu aatali ochititsa mantha aja ayi, koma mawu odziwika amene ali ndi tanthauzo lachiwiri. Mwana wa mlongo wanga ankadziwa kuti novel ndi buku la nthano. Sankadziwa kuti a novel method ndi njira yatsopano. Ankadziwa qualify kuchokera ku mpira, timu ikapitirira ku ndime ina ya mpikisano. Sankadziwa kuti wolemba akachita qualify mfundo yake ndiye kuti akuichepetsa mphamvu, akuiikira malire. Chimodzimodzi sound, amene pa mtsutso amatanthauza mfundo yolimba, osati phokoso. Mawu oterewa sapezeka pa mindandanda yoyenda pa WhatsApp, chifukwa aliyense amaganiza kuti amawadziwa.

Ndiye ndingati: mndandanda wa munthu wina usiyeni, pangani wanu. Mawu aliwonse amene akupunthwitsani m'mafunso kapena m'zimene mukuwerenga, alembeni pamodzi ndi chiganizo chonse chimene munawapezamo. Mawu asanu patsiku otengedwa motere amakhalitsa m'mutu kuposa makumi asanu oloweza ngati ndakatulo ya pa tsiku lotsekera sukulu.

Galamala ndi mawu olumikiza: apa ndi pamene pali phindu lamsanga

Mukandifunsa kuti munthu wotsala ndi milungu isanu ndi umodzi ayambire pati, ndidzakulozerani pano mosakayika. Malamulo amene amafunsa ndi ochepa ndipo amabwerabwera omwewo. Kulumikiza ziganizo ziwiri zoima pazokha. Kugwirizana kwa mneni ndi mwininkhani wake ngakhale pakati pawo pataikidwa mawu ambiri osokoneza. Nthawi ya mneni. Kusiyana kwa its ndi it's, their ndi they're. Mawu ofotokoza amene ayenera kutsamira pa dzina loyenera. Malo a comma, colon ndi dash.

Taonani chiganizo ichi: The rains came late, the maize failed. Ambiri a ife tingachiwerenge osaona vuto, chifukwa polankhula, ngakhalenso polemba Chichewa, timalumikiza maganizo motere ndipo zimamveka bwino: mvula inachedwa, chimanga chinakanika. Pa SAT chiganizocho n'cholakwa. Mbali zonse ziwiri zikhoza kuima pazokha, choncho comma yokha siyingazigwire. Pafunika mpumiro, kapena semicolon, kapena comma yotsatiridwa ndi mawu ngati so kapena and. Lamulo limodzi lomweli limabwera m'maonekedwe osiyanasiyana m'chigawo chilichonse, ndipo munthu angaliphunzire madzulo amodzi. Khutu lokha musalidalire pano. Khutu lathu linaphunzira Chingerezi cholankhula, ndipo limavomereza zambiri zimene mayesowa amakana.

Mafunso a mawu olumikiza ndi amene ndimawakonda, chifukwa pamenepa Chichewa chimatithandiza. Amakupatsani ziganizo ziwiri ndi mpata pakati, ndipo musankhe pakati pa mawu monga however, therefore, for example ndi similarly. Ndinamuuza mwanayu kuti: "Phimba mayankhowo ndi dzanja. Werenga chiganizo choyamba, werenga chachiwiri, ndiye undiuze m'Chichewa chimene chikulowa pakatipo. Ndi 'koma', ndi 'choncho', ndi 'mwachitsanzo', kapena ndi 'chimodzimodzinso'?" Akangonena m'Chichewa, yankho la Chingerezi limadzionekera lokha. Kale ankayesa mawu onse anayi m'mpatamo mmodzimmodzi, ndipo onse ankamveka ngati akukwana.

Mafunso omalizira m'chigawo amakhala ndi mfundo zingapo zondandalika ngati manotsi a mwana wasukulu, kenako chiganizo chonena chimene mwanayo akufuna kuchita, monga kutsindika kusiyana kwa zinthu ziwiri. Yambani mwawerenga cholingacho. Mayankho onse anayi amakhala oona malinga ndi manotsiwo, koma limodzi lokha ndi limene likuchita zimene zapemphedwa.

Malire a njirayi ndi oonekeratu. Ikakupatsani malikisi ake a galamala, yatha. Siidzakuthandizani kumva ndakatulo yakale kapena ndime ya sayansi yopotana.

Kuphunzira mmene mayankho abodza amapangidwira

Iyi ndi njira ya anthu amene kope lawo ladzaza ndi mawu akuti "ndinatsala ndi mayankho awiri, ndinasankha lolakwika". Ndipeke ndime yanga kuti muone. Tiyerekeze kuti ikunena kuti m'madera ena a nyanja kumene usodzi unatsekedwa kwa miyezi ingapo, ofufuza anapeza chambo chaching'ono chochuluka, ndipo akuganiza kuti kutsekako mwina kunathandizapo. Funso likufuna mfundo imene ndimeyo ikuichirikiza.

Yankho loyamba likuti chambo ndi nsomba yofunika kwambiri pa chuma cha anthu a m'mbali mwa nyanja. N'zoona, tonse tikudziwa, koma ndimeyo sinanene zimenezo. Lachiwiri likuti kutseka usodzi ndi njira yokhayo yochulukitsira chambo. Lakokomeza: ndime inati "madera ena" ndi "mwina", yankho likuti "yokhayo". Lachitatu labwereza mawu ambiri a m'ndime momwemo, koma latembenuza nkhani, likuti usodzi unatsekedwa chifukwa chambo chinachuluka. Lachinayi ndi lozizira, losakopa, likungoti kutseka usodzi kungakhale chimodzi mwa zifukwa zimene chambo chaching'ono chinachulukira m'madera amenewo. Lolondola ndi lachinayilo.

Ana anzeru, odziwa zambiri, ndi amene amagwa pa yankho loyamba lija, chifukwa amabweretsa zimene akudziwa kuchokera kunja. Mayesowa safuna zimene mukudziwa za chambo. Amafuna zimene zalembedwa m'mizere isanu ili patsogolo panuyo. Zolowerani kuyang'anitsitsa timawu ting'onoting'ono: some ndi all, may ndi will, often ndi always, suggests ndi proves. Ndipo musanavomere yankho, ikani chala pa mawu a m'ndime amene akulichirikiza. Chala chikasowa pogwira, yankholo si lanu.

Pochita zimenezi mufunika mafunso ambiri a mtundu umodzi. College Board ili ndi nkhokwe ya mafunso yaulere pa intaneti, imene mungasankhemo mtundu wa funso ndi kulimba kwake, n'kuwasunga ngati PDF. Kwa ife amene bandulo imatha nkhani ili pakati ndipo magetsi sapangana, zimenezi n'zothandiza: mwatsitsa kamodzi, mwasindikiza, mukugwira ntchito pa nyali. Ingosamalani kusankha kuti asakupatseni mafunso amene ali m'mayeso oyeserera a mu Bluebook, kuopa kuwononga sikelo yanu ija.

Kuwerenga kwambiri tsiku ndi tsiku

Iyi ndi njira yochedwa kuposa zonse, ndipo ndi yokhayo imene imasintha munthu weniweniyo. Ngati kope lanu likuonetsa kuti mumawerenga ndime kawiri kapena katatu musanamve zimene ikunena, palibe chinyengo cha mayeso chimene chingakupulumutseni. Masekondi 71 salola munthu amene akumasulira chiganizo chilichonse m'Chichewa mumtima mwake asanapite ku chotsatira, kapena amene milomo imayenda powerenga monga tinkachitira powerenga mokweza limodzi ku pulayimale.

Koma si kuwerenga kulikonse. Ndime za SAT zimachokera ku sayansi, mbiri yakale, maphunziro a chikhalidwe cha anthu, nthano ndi ndakatulo, zina mwa izo za Chingerezi cha zaka zoposa zana zapitazo. Nkhani za tsamba loyamba la The Nation kapena The Daily Times ndi zabwino poyambira chizolowezi, koma zinalembedwa kuti zimveke msanga. Pitani ku masamba a ndemanga, kumene munthu akumanga mfundo ndi kutsutsa ena. Pa intaneti, The Conversation ndi yaulere, amalemba ndi akatswiri a m'mayunivesite, ndipo ili ndi gawo la Africa limene linayamba mu 2015. Nkhani zake zimafanana kwambiri ndi kalankhulidwe ka ndime za sayansi za pa mayeso: ofufuza anaganiza chakuti, anayesa motere, anapeza chakuti, koma pali chokayikitsa ichi. Za Chingerezi chakale, Project Gutenberg ili ndi mabuku masauzande ambiri aulere amene mungawerengere pa foni. Amene ali pafupi ndi nthambi ya National Library Service asaiwale kuti mashelefu aja alipo.

Kawerengedwe kake ndi aka. Mphindi makumi atatu patsiku, foni itatsekedwa ku mauthenga. Mukamaliza ndime iliyonse, kwezani maso n'kunena m'chiganizo chimodzi chimene wolembayo akufuna kuti mukhulupirire. Dzifunseninso kuti ndimeyi ikugwira ntchito yanji: ikupereka chitsanzo, ikutsutsa yam'mbuyo, kapena ikuvomera kufooka kwa mfundo? Dikishonale muitsegule mutamaliza, osati pa liwu lililonse. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo njirayi ndi yotero ndithu. Mwezi woyamba simudzaona kanthu pa malikisi, ndipo ambiri amasiyira pomwepo. Amene ali mu Fomu 3 ndipo ali ndi maloto a ku America ayambe lero. Amene mayeso ali mwezi wamawa awerengebe, koma asayembekeze kuti zimenezi ndi zimene zimukweze.

Mphunzitsi wolipira, Khan Academy, kapena gulu la anzanu

Mlongo wanga sanakondwe nditamuuza kuti adikire kaye pa za mphunzitsi. Kwa kholo, kulipira ndi njira yoonetsera kuti wachitapo kanthu, ndipo ndimamvetsa. Mphunzitsi wabwino amathandizadi, makamaka kwa mwana amene payekha sangakhale pansi, kapena amene wawerenga kufotokoza kwa yankho katatu osamvabe chifukwa chake. Koma "mphunzitsi wa Chingerezi" ndi "munthu wodziwa SAT" si munthu mmodzi nthawi zonse. Ndinaonapo mwana amene analipira miyezi iwiri n'kumaphunzitsidwa kulemba chimangirizo, chonsecho College Board inachotsa chimangirizo pa mayeso a Loweruka mu 2021. Musanalipire, funsani zinthu ziwiri. Kodi aphunzitsiwo anatsegulapo Bluebook n'kulemba okha mayeso oyeserera? Kodi tsiku loyamba adzayamba ndi zolakwa za mwanayo, kapena ndi manotsi awo amene amapatsa aliyense? Akakhumudwa ndi mafunso amenewa, mwapulumutsa ndalama zanu.

Khan Academy, yomwe imaphunzitsa pa intaneti, yakhala ikugwira ntchito ndi College Board kuyambira 2015, ndipo maphunziro ake a SAT ndi aulere. Anawasanja motsata mitundu ya mafunso ija, kuyambira ofewa kukafika olimba. Pa galamala ndi mawu olumikiza, sindikuona chimene mphunzitsi wamba angawonjezere pamenepo. Mavidiyo ndi amene amadya bandulo. Zolembedwa ndi mafunso oyeserera sizidya kwambiri, ndipo n'zimene zili ndi nyama. Kufooka kwake n'kwakuti sikukuonani mukamadzinamiza. Mukhoza kudumphadumpha mafunso ofewa, n'kumasangalala ndi zizindikiro zobiriwira, osakhudza pamene pakupweteka.

Gulu la anthu atatu kapena anayi limatseka mpata umenewo popanda tambala. Lamulo likhale limodzi: pa funso lililonse, aliyense afotokoze chifukwa chimene mayankho atatu enawo ali olakwa. Pokangana pamenepo ndi pamene munthu amadzimva yekha akunena kuti "komatu zimenezi n'zoona", mnzake n'kumufunsa kuti "zalembedwa pati?" Gulu likakula kupitirira apo limasanduka bwalo la macheza. Ndipo ofesi ya EducationUSA ku Lilongwe imapereka uphungu waulere wa kalembetsedwe ka makoleji a ku America. Safunsa anadya phula.

Machenjerero a nthawi

Awa ndi a anthu amene zolakwa zawo zaunjikana kumapeto kwa chigawo. Mkati mwa chigawo chimodzi mukhoza kudumpha ndi kubwerera mmene mukufunira, koma chikatsekeka simubwereranso. Mafunso a galamala ndi olumikiza ali m'theka lachiwiri la chigawo, ndipo ndi amene amayankhika msanga. Munthu wochedwa kuwerenga akatsata ndondomeko kuyambira funso loyamba, amathera mphindi zake pa ndime zolimba za pakati, n'kufika pa mafunso ofewa wotchi itafiira. Ena amayamba ndi mafunso a mawu, n'kudumphira ku galamala mpaka kumapeto, kenako n'kubwerera ku ndime zolimba. Yesani pa mayeso oyeserera, osati tsiku lenilenilo. Ngati nthawi imakukwanirani kale, musadzisokoneze nazo.

Za chipangizo: Bluebook sigwira pa foni. Imafuna laputopu ya Windows kapena Mac, iPad, kapena Chromebook yoyang'aniridwa ndi sukulu. Amene alibe akhoza kupempha kubwereka ku College Board, koma pempholo lifike masiku 30 mayeso asanachitike. Yesererani pa chipangizo chimene mudzalembere, ndipo onetsetsani kuti batire lake limasunga moto kwa maola atatu.

Kubwereza, kusamukira ku ACT, kapena kusatumiza malikisi

Kulemba kachiwiri n'kwachilendo kwa ife amene tinazolowera kuti kubwereza mayeso ndi manyazi, koma ku America n'chizolowezi. Makoleji ambiri amatenga malikisi apamwamba a gawo lililonse kuchokera pa maulendo osiyana n'kuwaphatikiza. Si onse, choncho onani malamulo a koleji iliyonse. Chopweteka ndi mtengo: kwa wolembera kunja kwa America ulendo umodzi umapitirira madola 100, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zimasowera kuno. Kubwereza popanda kusintha kakonzekeredwe ndi kugula malikisi omwewo kawiri.

ACT ndi mayeso ena amene makoleji a ku America amawalandira mofanana ndi SAT. Malikisi ake amayambira 1 kulekeza 36, ndipo kuwerenga kuli ndi gawo lakelake losiyana ndi galamala. Kale gawolo linali la mafunso 40 m'mphindi 35, ndipo mu 2025 analifewetsa kukhala mafunso 36 m'mphindi 40. Ndime zake ndi zazitali, mafunso angapo pa ndime imodzi. Amene amawerenga mothamanga ndipo amatopa ndi kusinthasintha nkhani pa funso lililonse angaikonde. Wochedwa kuwerenga asathawireko poganiza kuti kuli mpumulo. Lembani oyeserera amodzi a mbali zonse, mufanizire.

Kusatumiza malikisi n'kothekanso, chifukwa kuyambira nthawi ya Covid mu 2020 makoleji ambiri anasiya kukakamiza. Koma mphepo yayamba kubwerera: yunivesite ya MIT inabwezeretsa lamulo lofuna malikisi mu 2022, ndipo Dartmouth, Brown ndi Harvard analengeza zomwezo mu 2024. Maganizo anga ndi akuti mwana wochokera ku sekondale imene wosankha ophunzira ku America sanaimvepo, wokhala ndi satifiketi imene sakuidziwa bwino, amapindula akaonetsa malikisi abwino pa muyeso umene iwo amaudziwa, makamaka ngati akupemphanso thandizo la fizi. Komanso SAT si TOEFL kapena IELTS. Koleji ikhoza kufunabe mayeso a chiyankhulo pambali, ngakhale ena amakhululuka malikisi a Reading and Writing akakhala okwera.

Ndiye ndi nthawi imene muli nayo

Makoleji ambiri amatseka kulandira makalata oyambirira kumayambiriro kwa Novembala, ndipo ena onse kumayambiriro kwa Januwale. Zotsatira za SAT zimatuluka patatha pafupifupi milungu iwiri. Werengerani chobwerera kuchokera pamenepo. Ngati mwatsala ndi milungu isanu ndi umodzi, masiku ambiri apite ku galamala, mawu olumikiza ndi mayankho abodza, mayeso oyeserera awiri kapena atatu, ndipo mndandanda wa mawu muuiwale. Ngati muli ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku kukhale msana wa zonse, zinazo zizibwera kawiri kapena katatu pa mlungu. Mphunzitsi abwere pamene kope laonetsa chinthu chimene mwachiyesa nokha n'kukanika.

Kope la mwana wa mlongo wanga linaonetsa milu iwiri: comma yolumikiza ziganizo zoima pazokha, ndi mayankho okokomeza. Mawu ovuta sanali vuto lake, nthawinso inkamukwanira. Milungu itatu anakhala pa ziwirizo, ndipo pa mayeso oyeserera otsatira chigawo chachiwiri chinabwera cholimba kwa nthawi yoyamba. Anandiimbira foni akudandaula kuti zavuta kuposa kale, ine n'kumaseka. Ndakatulo zakale zimamuzunguzabe mpaka pano, ndipo tinagwirizana kuti azizisiya komalizira. Ndalama zimene mayi ake anasungira mphunzitsi zinapita kukalipira ulendo wachiwiri wa mayeso mu Okutobala.